Masupuni Awiri a Bernadetta

Bernadetta sakhulupirira munthu wophika atavala zoyera, n'kumaliza kuphikako zovala zili mbee. Nzeru imeneyi sanaitenge kusukulu, poti sukulu anaisiyira mu sitandade faifi kwawo ku Nsaru. Anaitenga m'makhitchini a eni ake, momwe wathera zaka zoposa makumi atatu. Anafika ku Lilongwe ali namwali, kolona m'khosi, katundu yense atakwana m'chitenje chimodzi. Anayamba n'kugulitsa mandasi pafupi ndi depoti ku Old Town, kenaka analowa ntchito kwa amwenye ena ku Area 2, ndipo kumeneko mphuno yake inaphunzira kusiyanitsa zenizeni ndi zosakaniza. Mumugulitse binzali wothira ufa wa chimanga muone! Amakubwezerani pomwepo, msika wonse ukuonerera. Mpaka lero amayi ogulitsa masamba akamuona akutulukira, amagundana zigongono: "Abwera apolisi aja, bisani za dzana."

Zaka makumi awiri ndi chimodzi anazithera ku Area 11, m'nyumba ya a Donald Chavula, bambo wa ku Rumphi amene anagwira ntchito ya boma ku Capital Hill mpaka kupuma. Anali munthu waulemu a Chavula, wosakalipa, woti ngakhale wantchito wawo ankamuti "inu". Vuto lawo linali limodzi: chilichonse chonenedwa m'Chingerezi chosalala ankachiyesa choona. Akazi awo, mayi Ada, ankalidziwa vutoli. N'chifukwa chake ali gone m'chipatala, kutatsala masiku awiri kuti atisiye, anagwira dzanja la Bernadetta nati, "A Berna, abambo awa ndi ophunzira, koma pa nkhani ya thupi lawo ndi khanda. Mapiritsi awo a shuga muziwayang'anira ndinu." Bernadetta analonjeza. Kwa zaka zinayi piritsi linkafika patebulo lili pa sosala, limodzi m'mawa, limodzi madzulo, osaphonya.

Matenda a shuga sanali nkhani yongomva kwa iye. Mlongo wake Shadrick anafa nawo. Anasiya mapiritsi atauzidwa ndi anzake kuti madzi a masamba owiritsa ndiwo amachiziratu. Kanayamba ndi kachilonda pa chala cha kuphazi, kenaka phazi lonse, kenaka madokotala anadula mwendo m'bondo, ndipo chaka chisanathe kunali maliro. Tsiku lodula mwendolo, Bernadetta ndi amene ananyamula nsapato yotsalayo m'jumbo kuchoka nayo kuchipatala, osadziwa koitaya. Chiyambire pamenepo, munthu akangodandaula za shuga, iye amayamba wayang'ana kumapazi.

Tsono chaka chatha kunabwera Dokotala Paxton. Sanadzere pageti ayi, akanafunsidwa kuti ndi yani. Anadzera pa foni, pa gulu la WhatsApp la opuma ntchito m'boma, kumene madoda athu amaswera tsiku lonse akutumizirana zithunzi za maluwa ndi mauthenga a maliro. Anali mnyamata wonenepa bwino, nkhope yonyezimira ngati wadzola mafuta ophikira, khoti loyera, kachingwe ka madokotala kali m'khosi. Uthenga wake unali woti mapiritsi ndi poizoni, ndipo akuchipatala amafuna muzidwalabe. Siyani chimanga, siyani mpunga ndi buledi, idyani nyama, mazira ndi mapeyala. M'mawa ndi madzulo muzimwa ufa wake wobiriwira, wosungunula m'madzi a mandimu. Mukatero shuga atha, osabwereranso.

"A Berna, tabwerani muone," a Chavula anamuitana tsiku lina, foni ataitsamiritsa ku botolo la sobo. "Kuyambira lero tiziphika motere."

Bernadetta anaima kumbuyo kwa mpando akupukuta manja pa epuloni. Chingerezicho chinkamudutsa, koma maso anali ake. Abwana akumvetsera mawu, iye ankayang'ana khitchini ya munthuyo. Mapoto onse ali waliwali, pansi pake osaonapo moto chigulire. Mpeni anaugwira ngati cholembera. Ndiye panafika pomwa. Paxton ananyamula kapu ya zobiriwirazo, n'kuifikitsa pamlomo, chithunzi n'kudumpha pang'ono, kapu n'kuoneka yopanda kanthu, mwini wake akunyambita milomo.

"Tabwezani pamenepo, bambo."

Anabweza.

"Bwezaninso."

Kasanu konse anabweza, ndipo kholingo la Paxton silinasunthe ngakhale kamodzi.

"Sanamwe ameneyu," anatero Bernadetta. "Munthu akameza, pakhosi pamayenda."

A Chavula anaseka mpaka kuvula magalasi. "Amadula kanemayo kuti asatalike, a Berna. Inu za sayansi munaziphunzira kuti?"

Funso limeneli linamulasa, tisabise. Koma anangoti, "Chabwino, bambo," ndipo mawa lake anakwera minibasi kukagula ufawo monga anatumidwira. Malo ake anali ku Area 2, kachipinda kena pamwamba pa shopu ya matayala. Anapeza mtsikana ali pa desiki akudya tchipisi, chakumwa chotsekemera chili pambali, kumbuyo kwake kuli chithunzi cha Paxton choletsa zinthu ziwiri zomwezo.

"Adokotalawo ndingawaone?"

"Sapezeka kuno, mayi. Amakhala pa intaneti."

"Udokotalawo anauphunzira kuti?"

"Kunja."

"Kunja kuti? Kunja n'kwakukulu, mwana wanga."

Mtsikanayo anangokweza mapewa, natola tchipisi china.

Asanatsike n'komwe masitepe, Bernadetta anang'amba paketi pakona, nanyowetsa chala, n'kulawa. Ha! Chammwamba chouma, ufa wa malambe, ndi nimu pang'ono kuti ziwawe, munthu aziti wamwa mankhwala. Chammwamba chomwechi chimene kwawo chimangomera kumpanda, mbuzi n'kumadya! Iye analibe nacho mlandu chammwamba, ndi ndiwo yabwino ukaithira nsinjiro. Koma ndiwo ndi ndiwo basi. Atafika kunyumba anawauza abwana zonse zimene lilime lake linapeza, akuganiza kuti pamenepa ndiye adzidzimuka. M'malo mwake nkhope yawo inawala. "Mwaona? Zachilengedwe zokhazokha!"

Lachitatu lotsatira, akukhuthula bini ya kubafa, anamva kuti khochokhocho. Mabotolo atatu a mapiritsi, a miyezi itatu yathunthu, amene abwana anali atangokatenga kuchipatala, anali m'menemo pamodzi ndi malezala otha ntchito. Anawatola, nawapukuta, nakawabisa m'chitini cha mkaka m'kanyumba kake kakuseri. Kenaka anaimbira foni Wiza, mwana wa a Chavula amene amagwira ntchito ku Blantyre.

"Anti, adadi ndi munthu wamkulu, awerenga zambiri kuposa ife," anatero Wiza. "Asiyeni ayesere."

Ayesere! Ngati mwendo ndi malaya oti akakuthina ukasintha.

Wantchito wa m'nyumba amadziwa thupi la abwana ake kuposa dokotala, chifukwa ndiye amatsuka makapu ndi kukolopa chimbudzi. Pasanathe masabata awiri, jagi ya madzi ya kuchipinda inkapezeka ili gwaa m'mawa uliwonse. Lamba anamuboola bowo lina. A Chavula ankawodzera pakhonde dzuwa lisanafike n'komwe pamutu, nyuzipepala itagwera pansi. Kamakina kawo kobaya pachala, koyezera shuga, kankaonetsa manambala okwera tsiku ndi tsiku, iwo n'kumati, "Paxton akuti ndi poizoni akutuluka." Ndiye m'mawa wina Bernadetta anapeza nyerere zili ndandanda m'mbali mwa chimbudzi, zikutsata timadontho ta pansi. Nyerere zimenezi anazionapo kwa Shadrick. Anakhala pamphepete pa bafa, chokolopera chili m'manja, misozi ikungotsika yokha.

Madzulo a tsiku lomwelo anatenga masupuni awiri, naika piritsi pakati, n'kufinya. Linangoti tswa, n'kusanduka ufa woyera. Anauthira m'kapu ya zobiriwira zija, natakasa. Kuwawa kwa nimu kunabisa zonse. Ponyamula thireyi ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita. Kwathu kuno kuthira chinthu mobisa m'chakudya cha munthu kuli ndi dzina lake, ndipo si dzina labwino. Mkazi wotero amamuloza chala mpaka kumanda, kaya anathira chiyani. Loweruka anapita kukalapa. Ansembe anamuuza kuti zimene akuchita n'zoopsa, akawauze abwana ake, apite nawo kuchipatala. Iye anati, "Ndamva, abambo." Kumva anamvadi, koma sanakanene.

Zakudya zatsopanozo ankaphika ndithu, ndipo zina mwa izo sankatsutsana nazo. Kuchepetsa buledi ndi sobo n'zimene akuchipatala ankanena kuyambira kale, abwana n'kumazemba. Koma m'kapu iliyonse munkalowa piritsi, limodzi m'mawa, limodzi madzulo, monga zinalembedwera pa botolo. Sabata isanathe nyerere zinasamuka. Jagi inayamba kutsala ndi madzi. Manambala a kamakina anatsika mpaka kufika pabwino, a Chavula n'kuyambanso kuyenda wapansi kukafika ku City Centre, akuimba nyimbo za kutchalitchi m'Chitumbuka.

"A Berna, munkati chiyani paja? Sanamwe ameneyu!" Ankamuseka chotero m'mawa uliwonse, akugugudiza kapu yawo.

"Ndinalakwitsa, bambo."

Mawu amenewa ankamuwawa potuluka kuposa nimu.

Ndiye a Chavula analemba umboni. Anajambula kamakina kaja, natumiza chithunzi kwa Paxton, ndipo Lamlungu lina masana anathamangira kukhitchini foni ili m'manja, akumwetulira ngati apambana mayeso. Paxton anali kuwerenga kalata yawo pamaso pa dziko lonse, ulendo uno m'Chichewa kuti aliyense amve. "Bambo wina wa ku Area 11, mkulu wopuma m'boma, wataya mapiritsi miyezi itatu yapitayo. Onani manambala ake! Inu mukudikira chiyani?" Pansi pa kanemayo timitima tinkangotuluka, anthu akulemba kuti nawonso ataya lero lomwe.

Bernadetta anasiya kusenda mbatata. Poyamba unali mkwiyo: ntchito ya masupuni ake, wodya nayo ulemu n'kukhala wa mapoto osaona moto! Koma mkwiyowo utaphwa panatsala mantha. Onse olembawo, kodi kunyumba kwawo kunali munthu wotola mabotolo mu bini? Anazindikira kuti kwa miyezi itatu wakhala akumugwirira ntchito Paxton, ndipo amene wanamiza anthuwo si Paxton yekha.

Sizinathere pomwepo. Lolemba a Chavula analengeza kuti Lachisanu anyamuka kupita ku Rumphi, akakhalako mwezi wathunthu. Alongo awo a Sellah nawonso amadwala shuga, ndiye iwo akufuna akawamasule ku ukapolo wa mapiritsi. "Mukagule mapaketi asanu ndi imodzi, atatu anga, atatu awo."

Pamenepa ndiye anagwira njakata. Ku Rumphi kulibe masupuni ake. M'chitini cha mkaka munali mutatsala mapiritsi a sabata imodzi yokha. Akangokhala chete, abwana apita kukakhala mwezi opanda mankhwala, n'kukawatayitsanso a Sellah awo. Akayankhula, ankadziwa bwino lomwe chimene chidzamuchitikire. Mapaketi anakagula. Lachiwiri anakhala chete, Lachitatu anakhala chete, mpunga wake womwe n'kumupserera, chinthu chimene sichinachitikepo.

Lachinayi m'mawa analowa m'chipinda chodyera ndi thireyi. Pa thireyipo panali kapu ya zobiriwira, botolo la mapiritsi, ndi masupuni awiri. Anaika zonse patsogolo pa a Chavula, nagwada, chinthu chimene mayi Ada anamuletsa kalekale. Anatulutsa piritsi, naliika pakati pa masupuni, n'kufinya iwo akuona. Anathira m'kapu, natakasa.

"Ndakhala ndikuchita chonchi, bambo. M'mawa ndi madzulo, chiyambire sabata imene munkawodzera pakhonde. Mabotolo ndinawatola mu bini. Manambala aja si a ufa ayi, ndi a mapiritsi anu."

A Chavula anayang'ana kapu, nayang'ana botolo, naliwerenga dzina lawo lolembedwa pamenepo. Atayankhula, mawu anali otsika kwambiri.

"Mwakhala mukundithirira mankhwala m'chakudya."

"Mankhwala anu omwe, bambo. A kuchipatala."

"M'nyumba mwanga. Ine osadziwa. Miyezi itatu."

"Ndinawalonjeza amayi."

"Musawatchule amayi!" Anamenya tebulo, masupuni n'kudumpha. Zaka zonsezi Bernadetta anali asanawamvepo akukweza mawu. "Ndaima pamaso pa anthu, ndachitira umboni! Mwandisandutsa chitsiru. Ndipo ndidziwa bwanji kuti ndi izi zokha? Mkazi wanga atamwalira, m'nyumba muno tatsala awiri. China n'chiyani chimene mwakhala mukuthira?"

Sanalitchule dzina lake, koma onse awiri analimva: konda ine, mankhwala amene amati mkazi amadyetsa mwamuna kuti amupusitse. Bernadetta, mayi wa zidzukulu zitatu, wa m'bungwe la amayi kutchalitchi! Manyazi anamugwira mpaka m'makutu munalira. Anadzuka pang'onopang'ono, nasasa mawondo.

"Zimenezo ndiye mwandilakwira, bambo. Koma ndinalakwa ndine poyamba, sindikana. Ineyo musandikhulupirire, chabwino. Pitani kuchipatala ndi botololi ndi paketi ya ufawo, mukawafunse. Mlongo wanga ndinamunyamulira nsapato imodzi. Yanu sindikufuna kunyamula."

"Sindingadyenso cha m'manja mwanu," anatero a Chavula. "Mulongedze. Wiza abwera Loweruka kudzatenga makiyi."

Ndipo tinene zoona, inu ndi ine tikanatani? Munthu amene wakuthirira chinthu mobisa kamodzi, ngakhale chikhale chabwino chotani, kapu yake umayamba wainunkhiza. Bernadetta mwini wake, wonunkhiza binzali wa anthu, ankadziwa zimenezi kuposa aliyense. N'chifukwa chake sanapemphe kuti amukhululukire. Tsiku lonselo abwana sanakhudze mbale. Anadziwiritsira okha mazira, n'kuwaiwala pamoto mpaka poto kuuma. Iye anasita malaya awo a paulendo, nasiya botolo lija patebulo pomwe linali, n'kupita kukamanga katundu wake. Ulendo uno sanakwane m'chitenje chimodzi, koma sanapose zikwama zitatu.

Lachisanu m'mawa anakatsegula geti komaliza. Galimoto inatuluka pang'onopang'ono, inamudutsa, kenaka inaima. Galasi linatsika. A Chavula sanamuyang'ane, maso anali kutsogolo, manja onse awiri pa chiwongolero.

"Munkathira angati?"

"Limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Muzimwa mutadya. Atsala a masiku atatu okha, bambo. Musanyamuke musanatenge ena."

Anagwedeza mutu. Potero m'thumba la malaya munamveka khochokhocho.

"Nanga a Sellah?" anafunsa Bernadetta.

"Mapaketi ali patebulo. Mukafuna mutenge, muthire nsinjiro."

Anadikira. Ankaganiza kuti mwina pabwera mawu ena, amodzi okha, oti masulani zikwama zija. Galasi linakwera, galimoto n'kumapita.

Masiku ano Bernadetta amaphika m'kalesitilanti kena ku Area 1, kuseri kwa mashopu a nsalu. Makasitomala amamudziwa ndi chizolowezi chimodzi: mchere, tsabola, chilichonse amathira poyera, pa kauntala, munthu akuona. Wina akamuonetsa dokotala wa pa foni, amangoti, "Tabwezani pomwe akumwapo," ndipo nkhani imathera pomwepo. Kanema wa umboni wa bambo wa ku Area 11 uja akadayendabe m'mafoni. A Chavula akuti analemba kuti auchotse, koma kalata imeneyo Paxton sanaiwerenge pamaso pa dziko.

Mwezi wathawu Bernadetta anakumana ndi a Chavula. Iye anali pakhomo pa lesitilanti akukhuthula madzi, iwo akuchokera kogula mababu. Anaima, navula chipewa.

"A Berna. Muli bwanji?"

"Ndili bwino, bambo, kaya inu?"

"Tilipo. A Sellah akupereka moni."

Kumbuyo kwake nkhuku inkanunkhira, yophika momwe a Chavula ankaikondera, ya adyo wambiri. Anaona mphuno yawo ikuizindikira. Sanawaitane kuti alowe, ndipo iwo sanapemphe. Anavala chipewa chawo, natsazika, n'kulowa m'chipiringu cha anthu. Bernadetta anatsala ataima ndi beseni lake, akuwayang'ana kumapazi mpaka anakhota pakona. Kolala ya malaya inali yosasita bwino, ndipo nsapato zinali zosapolisha, fumbi lokhalokha. Koma zinali ziwiri.